Lipoti la nkhani: mnyamata wa autism wosalankhula ndi njira imene anapeza yonenera za kukhosi

Lipotili likufotokoza ntchito ya materemu anayi imene ndinagwira ndi mnyamata wina amene ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene munthu amalankhulirana ndi kuchezera ndi anthu, ndipo salankhula ndi pakamwa. Ndine mphunzitsi wa maphunziro apadera, ndinaphunzira ntchitoyi ku Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo ndimayang'anira resource centre, chipinda chothandizira ana ofunika maphunziro apadera, pa sukulu ina ya pulayimale m'chigawo cha kummwera. Ndalembera makamaka aphunzitsi anzanga, alangizi a zaumoyo ndi ogwira ntchito m'zipatala, amene amalandira ana otere popanda wowauza poyambira. Mayi a mwanayu ndi amalume ake, omwe ndi eni mbumba, anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Dzina lake, mudzi, sukulu ndi zipatala zimene anapitako sindizitchula.

Mmene anafikira kwa ife

Mnyamatayu anabwera kwa ife ali ndi zaka 9. Chaka cham'mbuyo mwake analembedwa mu Sitandade 1 pa sukulu ina yapafupi ndi kwawo, koma anangokhalamo masabata awiri. M'kalasimo munali ana opitirira 100, iye ankatseka makutu ndi manja n'kumalira, ankathawira kumjigo, ndipo tsiku lina analuma mnzake pamkono mpaka kutuluka magazi. Mayi ake anauzidwa kuti adzabwere naye akadzachangamuka.

Kabuku kake ka kuchipatala kanasonyeza kuti anabadwa pa miyezi yake popanda chovuta, anayamba kuyenda atangopitirira chaka, ndipo analandira katemera yense. Mayi ake anakumbukira kuti asanakwanitse zaka ziwiri ankatchula timawu titatu kapena tinayi, kenako timawuto tinazimiririka. Sanadwalepo khunyu kapena malungo a mu ubongo, zinthu ziwiri zimene kuno timayamba tafunsa mwana akakhala wosalankhula. Makutu anamuyeza ku chipatala chachikulu ndipo anapezeka kuti amamva bwino. Ali ndi zaka 6, dokotala wa ana analemba m'kabukumo mawu akuti autism spectrum disorder, koma pansi pake panalibe chilichonse chonena za mmene mwanayo angamamvanirane ndi anthu, moti mayi anabwerera kunyumba atanyamula dzina la vutolo m'chinenero chimene sawerenga.

Bambo anachoka pakhomo mwana ali ndi zaka 4. Mwanayu amakhala ndi mayi ake, amene amakazinga mandasi n'kukagulitsa pamsika, agogo ake aakazi, ndi mlongo wake wa zaka 13. Popeza geni ya mandasiyo inkayenda, m'mudzi nkhani inali m'kamwam'kamwa kuti mayiyo anamukhwimira mwana kuti ndalama zizilowa. Pachifuwa pake panali mphini za asing'anga awiri, ndipo anagonapo kumapemphero kangapo. Sindikutchula izi pofuna kunyoza banjali, pakuti aliyense amathamangira kumene wauzidwa kuti kuli chithandizo. Ndikuzitchula chifukwa ndi zimene zinachititsa kuti mwanayu azitsekeredwa m'nyumba nthawi zonse mayi akapita kumsika agogo ali kumunda, ndiponso kuti mayiyo, tsiku loyamba kukumana nane, asadzutse mutu n'komwe. Funso lawo loyamba linali lakuti kodi analakwitsa popita naye ku katemera. Ndinawauza kuti mphekesera yakuti katemera amayambitsa autism inachokera pa kafukufuku wina amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet ku Britain mu 1998, kuti magaziniyo inamuchotsa mu 2010 atapezeka kuti sanali woona, ndipo kuti ofufuza ena amene anatsatira ana ochuluka kwambiri sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemera ndi autism. Ndinawauzanso kuti vutoli si lachilendo: Leo Kanner analifotokoza mu 1943 atapima ana 11 ku Baltimore m'dziko la America, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2023 linkayerekezera kuti mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali nalo, ndipo mwa ana amenewo pafupifupi mmodzi pa atatu kapena anayi amakula osalankhula kapena akungotchula mawu ochepa.

Zimene ndinapeza

Sindinayambe ndi kumukhazika pa desiki. Malawi Developmental Assessment Tool, njira yoyezera kakulidwe ka ana, inapangidwira ana aang'ono osafika msinkhu wa sukulu, komanso mwana amene sakukudziwa saonetsa zimene amatha m'chipinda chachilendo. Ndinapita kwawo katatu, m'mawa, masana ndi madzulo, n'kukhala pakhonde ndi kope langa. Ndinatsata mafunso a Communication Matrix, chida chimene anakonza Charity Rowland ku Oregon, chomwe chimayang'ana zinthu zinayi: mmene munthu amakanira, mmene amapemphera, mmene amachezera, ndi mmene amafunsira kapena kuuza ena zinthu.

Ulendo woyamba womwewo ndinamuona akugwira agogo ake pamkono, kuwakokera m'khitchini, n'kuika dzanja lawo pa beseni lovundikira ndi nsalu mmene munali mandasi. Sanawayang'ane kumaso ngakhale kamodzi. Agogo ananyema kachidutswa, iye anatenga n'kubwerera pamkeka pamene anali atandanda zitsekerero za mabotolo, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Nditafunsa agogowo kuti amadziwa bwanji zofuna za mdzukulu wawo, anaseka n'kuyamba kuwerengera zala: akavula malaya ndiye kuti akufuna kumjigo, akamaimba cham'mphuno ndiye kuti mtima uli m'malo, akakankha mbale kamodzi ndiye kuti nsima yatentha koma akakankha kawiri ndiye kuti wakhuta, akaima pakhomo n'kumadzigwedeza ndiye kuti chigayo chatsala pang'ono kulira. Ndinalemba zizindikiro 16. Mayi ake, amene amakhala kumsika tsiku lonse, anazindikirapo 9. Mlongo wake anazindikira 11. Mphunzitsi amene anamulandira mu Sitandade 1 sakanadziwa ngakhale chimodzi, ndipo sanali wolakwa. Apa ndi pamene panagona nkhani yonse: mwanayu chinenero anali nacho, koma wochimva bwinobwino anali munthu mmodzi, gogo wa zaka zopitirira 70 amene amadwaladwala miyendo.

Kumva mawu ankamva ndithu malangizo afupiafupi ozolowereka, monga akuti "tenga kapu" kapena "tiye kumjigo". Nditamuonetsa chithunzi cha kapu yake yabuluu chojambula pa foni, anakatenga kapuyo, koma chojambula cha pamanja cha kapu sanachilabadire. Kutsanzira zimene munthu akuchita ndi manja kunkamuvuta kwambiri. Ndinapempha mlongo wake kuti kwa masabata awiri azilemba nthawi iliyonse imene mnyamatayu wadziluma dzanja kapena wamenyetsa mutu kukhoma, zimene zinachitika pasadakhale, ndi zimene anthu anachita pambuyo pake. Analemba maulendo 23, ndipo ambiri anachitika pamene walandidwa chinthu mwadzidzidzi, pamene phokoso lakula, kapena pamene akumukakamiza kupitiriza chinthu chimene chamukwana. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene Edward Carr ndi Mark Durand anasonyeza mu 1985, kuti khalidwe limene timati lovuta kawirikawiri limagwira ntchito ya mawu, ndipo limachepa mwana akapatsidwa njira ina yosavuta yonenera zomwezo.

Njira imene tinasankha

Mayi ake anali ndi mantha amene makolo ambiri amakhala nawo. Anati, "Aphunzitsi, mukampatsa zithunzizo si ndiye achita ulesi, sadzalankhulanso?" Ndinawayankha kuti Diane Millar, Janice Light ndi Ralf Schlosser atasonkhanitsa kafukufuku wa nkhaniyi mu 2006 sanapeze kuti njira zothandizira kulankhulana zimabweza m'mbuyo mawu a pakamwa, ndipo mwa ambiri mawuwo ankawonjezeka pang'ono. Koma sindinawalonjeze kuti mwana wawo adzalankhula, ndipo mpaka lero sindinalonjeze.

Zizindikiro za manja, kaya za chinenero chamanja cha kuno kwathu kaya za Makaton zimene zinayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1970, tinazisiya chifukwa kutsanzira kunkamuvuta, komanso wogulitsa pagolosale kapena namwino sangazimve. Mapulogalamu olankhula a pa tabuleti monga Proloquo2Go salankhula Chichewa, kunyumbako kulibe magetsi, ndipo chipangizo chodula m'manja mwa mwana woyendayenda sichingathe sabata. Tinasankha makadi a zithunzi. Mfundo zoyambira ndinabwereka ku PECS, njira imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa ku Delaware mu 1985, yomwe ili ndi masitepe 6 kuyambira pa kupereka khadi limodzi mpaka pa kunena ndemanga. Sindinatsate ndondomeko yake yonse, choncho sikungakhale kuona mtima kutchula ntchito yathuyi ndi dzina limenelo.

Zithunzi zaulere za ARASAAC, zimene amakonza ku Aragon m'dziko la Spain, n'zabwino ndipo ndimazigwiritsa ntchito ndi ana ena, koma chimbudzi chake n'chokhalira cha madzi ndipo chakudya chake n'chachilendo. Tinajambula pa foni chimbudzi chawo chenicheni chokumba, kapu yake, mjigo wa m'mudzimo, mbale ya phala ndi beseni la mandasi, n'kukatsukitsa ku situdiyo ya pamsika. Tinamata zithunzizo pa makatoni a sopo, kulemba mawu a Chichewa pansi pake ndi zilembo zazikulu, n'kukuta ndi selotepi mbali zonse. Telala wina anatisokera kachikwama ka chitenje kokhala ndi timatumba toonekera, kovala pakhosi.

Tsiku loyamba ndinakhala moyang'anizana naye nditagwira kachidutswa ka mandasi, khadi lili pakati pathu, mlongo wake ali kumbuyo kwake. Sindinanene kanthu. Atatambasula dzanja kuti atsomphole, mlongoyo analitsogolera pa khadi, kulinyamulitsa, n'kuliika m'manja mwanga, ndipo ine nthawi yomweyo ndinati "mandasi" n'kumupatsa. Tinabwereza kambirimbiri, ndipo mlongoyo ankachepetsa kugwirako: poyamba dzanja lonse, kenako pamkono, kenako kungokhudza chigongono. Tsiku lachinayi mtsikanayo anatembenuka kuti ayankhe mnzake amene ankamuitana pawindo, ndipo mnyamatayu anatola khadi yekha, kuliika m'dzanja langa, n'kulikanikiza ndi zala ziwiri ngati akuopa kuti ndiligwetsa. Pofika kumapeto kwa teremu ankasankha pakati pa makadi 12 ndipo ankatha kudzuka, kukatenga khadi, n'kundilondola panja.

Pamene ndinalakwitsa

Teremu imeneyo ndinkadziona ngati ndagwira ntchito, koma kope la mlongo wake linkasonyeza kuti kunyumba kudziluma sikunachepe. Zifukwa zinali ziwiri, ndipo zonse zinali zanga. Choyamba, poopa kuti makadi asochera kapena anyowa, ndinkawatsekera m'kabati ya kusukulu tikaweruka. Agogo ndi amene anandidzudzula atabwera kudzamutenga Lachisanu lina. Anati, "Kodi aphunzitsi, inu pakamwa panu mumasiya m'kabati mukamapita kwanu?" Ndinachita manyazi, ndipo Lolemba lotsatira tinapanga makadi awiriawiri, ena a kusukulu, ena osachoka pakhosi pake.

Chachiwiri chinali chachikulu. Makadi onse 12 anali a zinthu zopempha, ndipo ambiri anali a zakudya, pamene kope lija linali litandiuza kale kuti mnyamatayu amadziluma pofuna kukana, osati pofuna kupempha. Ndinali nditamuphunzitsa kunena zimene ife akulu timakonda kumva. Tinawonjezera makadi a "ayi", "basi", "phokoso", "ndithandizeni", "onjezani", "tiyeni" ndi "kupweteka". Mawu amenewa alibe chinthu choti n'kuchijambula, choncho kuwaphunzitsa kunadalira akulu kuwagwiritsa ntchito mwanayo akuona: agogo akamaliza kudya aziloza khadi n'kunena kuti "basi", chigayo chikalira mlongo aziloza "phokoso" n'kumutengera kuseri kwa nyumba. Tinapanganso mzere wa zithunzi wosonyeza zochitika za tsiku, kuti chinthu chisamathe mwadzidzidzi.

Khadi la "ayi" linabweretsa mkangano weniweni pakhomopo, ndipo ndi bwino anzanga adziwiretu zimenezi. Kwathu kuno mwana sakanira mkulu, ndipo wotero timati wamwano. Mayi ake anaona ngati ndikuphunzitsa mwana mwano wochita kulemba pa katoni. Tinakhala pansi kawiri. Ndinawafotokozera kuti mwanayu akukana kale tsiku ndi tsiku, kungoti amakana ndi mano ndi mutu, ndipo funso ndi lakuti tikufuna azikana ndi chiyani. Tinagwirizana kuti masabata oyambirira "ayi" aliyense amene sangaike moyo pachiswe alemekezedwe, kuti aone kuti khadilo limagwira ntchito kuposa kuluma, ndipo pambuyo pake tinayamba kumuphunzitsa kudikira pogwiritsa ntchito makadi awiri, "poyamba kusamba, kenako kumjigo". Agogo ndi amene anathetsa nkhaniyo ponena kuti ngakhale mlendo waulemu amati "zikomo, ndakhuta". M'masabata awiri omaliza a teremu yachiwiri mlongo wake analemba maulendo 7 okha.

Nkhani ya dzino

Khadi la "kupweteka" linakhala miyezi osagwira ntchito. Tinkaliloza iye akapunthwa, mlongo wake akadzicheka posenda mbatata, agogo akamasisita mawondo, ndipo pambali pake tinaika chithunzi cha iye mwini ataima, kuti tiziloza malo. Iye ankangoyang'ana kumbali, ndipo ineyo ndinatsala pang'ono kulichotsa m'kachikwama kuti malo apite ku khadi lina.

Pakati pa teremu yachitatu zinthu zinabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi. Anayambanso kumenyetsa mutu, ankadzuka usiku n'kumakuwa, anasiya kudya chimanga chokazinga chimene amachikonda, ndipo phala ankalidikira mpaka lizizire. Anthu anati matenda aja abwerera, ena anati asing'anga aja sanamalize, ndipo pamalo ena azaumoyo mayi analangizidwa za mankhwala ogonetsa popanda wina woyang'ana m'kamwa mwa mwanayo, poti sankalola kugwiridwa. Ine ndinkafufuza chimene chasintha pakhomo kapena kusukulu, osachipeza. M'mawa wina agogo akusesa pabwalo, mnyamatayu anatuluka m'nyumba, anasolola khadi m'kachikwama n'kuwapatsa, ndipo asanaliyang'ane n'komwe anagwira chala chawo, monga ankachitira ndi beseni la mandasi, n'kuchiika pa tsaya lake lakumanzere. Linali khadi la "kupweteka". Agogo sadziwa kuwerenga, koma khadilo ankalidziwa chifukwa cha mawondo awo. Anamuonetsa kachidutswa ka nthochi kuti ayasamule, ndipo anaona dzino lakumbuyo lotafunira litabooka, nkhama zitatupa.

Ulendo wa ku chipatala cha boma tinaukonzekera masiku atatu. Ndinapita ndekha kukapempha chilolezo chojambula khomo, mpando ndi nyale ya m'chipinda cha mano, n'kupanga mzere wa zithunzi 6 kuyambira pa kukwera minibasi mpaka pa kubwerera kunyumba. Dokotala wa mano anavomera kumuona woyamba m'mawa anthu asanachuluke, kulola agogo kulowa, ndiponso kuima kaye mwanayo akaonetsa "basi". Anaonetsa kawiri, ndipo kawiri konseko dokotalayo anaima, chinthu chimene ndikuchiyamikira mpaka pano. Kulira analira, makamaka pa jakisoni wochititsa dzanzi, koma dzinolo linazulidwa popanda kumumanga. Pasanathe sabata anayambanso kugona usiku wonse.

Chochitika chimodzi sichikwanira kutsimikiza kuti mwana wamvetsa tanthauzo la khadi, ndipo ndinadziletsa kuthamangira kunena choncho. Koma patapita mwezi analiperekanso kwa mlongo wake n'kukweza phazi, ndipo munali minga. Kuchokera pamenepo tinamata tsamba limodzi m'kabuku kake ka kuchipatala, lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lonena kuti amamva, kuti amalankhula ndi makadi, mmene amanenera ayi, zimene zimamuopsa, ndiponso kuti khalidwe lake likasintha mwadzidzidzi ayambe apimidwa mano, makutu, m'mimba ndi khungu. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, limene Malawi inavomereza mu 2009, limawerengera njira ngati zimenezi m'gulu la kulankhulana pa gawo 2, ndipo gawo 21 ndi 24 amalamula maboma kuzilola ndi kuziphunzitsa. Ndinalemba zimenezi pansi pa tsambalo chifukwa pepala lotchula lamulo limawerengedwa msanga.

Bolodi la zilembo

Amalume ake amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndi amene amalipira zambiri za mwanayu. Atamva za dzino anasangalala, anatumiza foni, ndipo pamodzi ndi foniyo anatumiza pa WhatsApp kavidiyo ka wachinyamata wa kunja wosalankhula amene ankaloza zilembo pa bolodi logwiridwa ndi munthu wina, n'kumalemba ziganizo zazitali zanzeru. Msuweni wa mnyamatayu, wa Fomu 3, anajambula zilembo pa katoni, anamugwira dzanja, ndipo madzulo amodzi okha panatuluka mawu akuti "ndimakukondani amayi". Mayi ake anabwera kusukulu m'mawa mwake misozi ili m'maso, atanyamula katoniyo ngati satifiketi.

Pa ntchito yonseyi palibe tsiku limene linandivuta kuposa limeneli. Njira yogwira dzanja la munthu wosalankhula kuti alembe, yotchedwa facilitated communication, inayambira ku Australia ndi Rosemary Crossley m'zaka za m'ma 1970, ndipo Douglas Biklen wa ku Syracuse University anaifalitsa ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ofufuza ataiyesa mwa kuonetsa mwana chinthu chimene womugwirayo sanachione, mayankho olondola ankasowa, ndipo akaonetsa awiriwo zinthu zosiyana, chimene chinkalembedwa chinali chimene waona womugwirayo. Womugwirayo sanama dala, koma dzanja lake limatsogolera iye osadziwa. Mabanja ena anapasuka chifukwa cha milandu ya nkhanza yochokera m'mauthenga otere. Bungwe la akatswiri a zamaganizo ku America, la American Psychological Association, linaikana njirayi mu 1994, ndipo mu 2018 bungwe la ASHA, la akatswiri a kalankhulidwe ndi kamvedwe ku America, linachenjeza za iyo pamodzi ndi inzake yotchedwa Rapid Prompting Method, imene wothandizayo amagwira bolodi m'malo mwa dzanja.

Zonsezi sindikanatha kungowakhuthulira mayi amene kwa nthawi yoyamba amva kuti mwana wawo amawakonda. Ndinaimbira amalume, poti nkhani ya mbumba siidumpha mwini wake. Poyamba anakwiya. Anati, "Aphunzitsi, ndiye mukuti mphwangayu ndi mbuli?" Ndinati, "Ayi bambo, mwana amene anatiuza za dzino lake si mbuli. Ndikungofuna tidziwe kuti mawu amene akutuluka pakatonipo ndi a ndani, chifukwa tsiku lina tidzawadalira pa nkhani ya moyo wake." Anavomera kuti tiyese, iwo ali pa foni. Msuweniyo akatuluka panja, tinkaonetsa mnyamatayu chinthu chimene amachidziwa bwino, monga kapu, mpira kapena nthochi, n'kuchibisa, kenako msuweni n'kubwera kudzamugwira dzanja. Pa zinthu 10 palibe chimene chinalembedwa molondola. Msuweniyo akaona nawo chinthucho, mawu ankatuluka bwinobwino. Pomaliza tinayala makadi ake pamkeka popanda womugwira, ndipo pa zinthu zomwezo anatola khadi lolondola maulendo 9. Msuweniyo analira, ndipo ndinachita kumukhazika pansi n'kumuuza kuti akuluakulu ophunzira anagwa m'mbuna yomweyo. Kwa mayi ndinangonena zimene ndinaona ndi maso anga, kuti madzulo alionse mnyamatayu amakaima pamphambano nthawi imene iwo amachokera kumsika, ndipo palibe amene amamugwira dzanja kuti apite kumeneko.

Wina angafunse kuti nanga ifenso sitinamugwire dzanja tsiku loyamba lija? Tinamugwira, koma kugwirako kunali ndi tsiku lothera, ndipo chimene timawerengera ngati mawu ake ndi chokhacho chimene wachita yekha, kwa anthu osiyanasiyana, pa zinthu zimene womumverayo sakanazidziwa. Komanso kukana bolodi logwiridwa sikutanthauza kumumana zilembo. Pa mfundo imeneyi amalume anandikumbutsa chinthu chimene ndinachedwa nacho, ndipo tinayamba kumuphunzitsa kuwerenga monga mwana wina aliyense, poyambira pa mawu olembedwa pansi pa makadi ake. Chichewa chimatithandiza chifukwa chimalembedwa monga mmene chimamvekera. Katoni ya zilembo ija ilipobe, koma imakhala pa tebulo, popanda woigwira.

Pamene tafika

Pakutha pa teremu yachinayi mnyamatayu ali ndi makadi 41, amalumikiza awiri monga "tiyeni" ndi "mjigo" kapena "basi" ndi "phokoso", ndipo amawagwiritsa ntchito kwa anthu 6: agogo, mayi, mlongo, ine, mphunzitsi wa Sitandade 1 ndi mnzake mmodzi wa m'kalasi amene anadzipereka yekha. Amakhala m'kalasi yaikulu ola loyamba la m'mawa, pafupi ndi khomo, ali ndi ufulu wotuluka akaonetsa khadi. Amatha kusankha mawu olembedwa akuti "mandasi" ndi "madzi" pakati pa ena atatu popanda chithunzi. Foni ya amalume tinaisandutsa kamera ndi chimbale cha zithunzi, ndipo nthawi zina amafufuzamo yekha chithunzi cha malo amene akufuna kupita. Mawu a pakamwa sanabwere, kupatula "ma" amene amamveka mwa apo ndi apo akamapereka khadi la madzi. Satsekeredwanso m'nyumba.

Zosatheka zilipo. Kwa munthu wachilendo sapereka khadi. Amathawirabe kumjigo osauza munthu, ngakhale kuti zachepa, ndipo nyengo ya dzinja mtsinje ukadzaza timakhala ndi nkhawa. Chinyontho chimaononga makatoni, moti m'miyezi ya mvula tinapanganso makadi onse kawiri. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti sangathe kunena ngati wina wamuchita chipongwe, pamene ana osalankhula ndi amene anthu oipa amawapezerera. Teremu ikubwerayi tiwonjezera zithunzi za anthu onse amene amakumana nawo, ziwalo za thupi ndi mayina ake enieni, ndi makadi a "ndani" ndi "wandimenya", ndipo mayi ndi amalume avomereza kale. Mlongo wake, amene wanyamula gawo lalikulu la ntchitoyi, alemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino ndipo akasankhidwa akhoza kupita ku sekondale yogonera komweko, choncho msuweni uja wayamba kubwera Lachiwiri ndi Lachinayi masana kudzaphunzira kugwiritsa ntchito makadi ndi kulemba m'kope.